Mkulu Wofunsa za Simbi

Mkulu wokonza makompyuta pamsika wa mumzinda wa Maracaibo sagulitsa khadi la zithunzi, lija limayendetsa masewera a pakompyuta, asanafunse mafunso ake. Za masewerawo alibe nazo ntchito. Amafunsa dera lomwe munthu akukhala ndi ukalamba wa mawaya a m'nyumba mwake. Amakonda kunena kuti khadi lalikulu ndi mlendo wadyera, osamuitana usanaone m'khitchini.

Tsiku lina kunabwera Yusmeli, mtsikana amene ankalumikiza kompyuta yake yoyamba kuti alowe mpikisano wa masewera a pakompyuta Loweruka. Analoza khadi lalikulu la mafani atatu oliziziritsa.

"Ilo, bambo. Anzanga onse ali ndi lomwelo."

"Anzakowo amagona kwanu? Imbira foni mayi ako, ayatse simbi, atiuze zomwe babu lichite."

"Koma inu ndi ukalambawu!" anadandaula Yusmeli, koma anaimbabe.

Mkuluyo anadikira akupukuta magalasi. Dera la mtsikanayo amalidziwa: magetsi akangolemedwa amathima, ndipo mpikisano sudikira munthu.

Mawu a mayi anamveka pafoni: "Babu lachita mdima, firiji yasiya kulira. Ndani akufuna kundiwotchera nyumba?"

Mkuluyo anamukankhira Yusmeli khadi laling'ono la fani imodzi.

"Ili limadya magetsi pang'ono, mwanawe. Zithunzi sizikongola kwenikweni, koma umaliza mpikisano."

"Anzanga andiseka."

"Akuseke ukusewera, osati uli mumdima," anatero akulikulunga m'pepala. "Koma uwauze mayi asitiretu Lachisanu."