Mafuta a nsomba amene ndinatumiza kuchokera ku Halale

Ndinaganiza zopita ku Halale chaka chimene tinagula anapiye ku Mikolongwe. Ndinkafuna malata, ndipo khasu la mkamwini silipeza malata polima pamunda wa apongozi. Ndinasiya mkazi wanga, mayi a Dailesi, ndi nkhuku zawo.

Ntchito ndinaipeza m'labotale ya ziweto, kutsuka timabotolo tagalasi. Dokotala wa kumeneko ankapera bongo wa anapiye akufa, n'kuthiramo mankhwala, n'kuwiritsa. Madziwo akafiira ngati otsukira nyama, ankagwedeza mutu. Anandiuza kuti m'thupi muli mafuta ena amene amakuta tizigawo take ting'onoting'ono, ndipo nkhuku ikadya mafuta owonongeka ndi mpweya, a m'thupiwo amawonongekanso. Mafuta a nsomba olephera mayeso ankawataya. Ine ndinkaona ngati n'kuwononga chabe. Ndinatunga chigubu chimodzi n'kupatsira mnzanga wobwerera kwathu, ndi uthenga woti mkazi wanga azisakaniza ndi madeya kuti nkhuku zinenepe.

Kuchipinda kwanga ndinkakhala ndekha, ndipo munthu wosungulumwa amawerenga kalata kawiri kufuna bodza. Makalata ankati anapiye akufa, akufabe. Ndinati ayi, mayi a Dailesi akugulitsa, mwina akudya ndi mlamu wanga wokonda ndiwo zankhuli. Mtima utawawa ndinalembera ankhoswe kuti mkazi wanga ndi wakuba, ndikubwera tidzathetse banja. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinasiya pepala lenileni.

Nditatsika basi pa Njuli ndinalunjika kukhola ndisanalandire n'komwe madzi. Ndinkafuna kuwagwira bodza. Ndinapeza anapiye atatu akudzandira ngati oledzera, makosi atapindikira kumsana. Ndinali nditaonapo zotere patebulo la dokotala uja.

"Mumawapatsa chiyani?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Zomwe munalamula, bambo a Dailesi," anayankha osandiyang'ana. "Supuni imodzi m'mawa uliwonse. Sindinadumphitsepo tsiku."

Anatulutsa chigubu chija. Anali atachipachika pansi pa malata amene anagula ndi ndalama zomwe ndinkatumiza, pamalo aulemu, potentha kuposa ponse m'nyumba. Nditatsegula, fungo lake linandiwawa m'mphuno ngati penti yakale. Sipanafunikenso kabotolo kagalasi.

Ndinachita manyazi kwambiri. Kwathu kunalibe wakuba. Kunali munthu amene ankandikhulupirira kuposa mphuno yake, pamene ine ndinkamuyesa ngati mmene dokotala uja ankayesera bongo wa mwanapiye.

"Ndi mafutawa," ndinatero chapansipansi. "Anali otaya. Ndinkadziwa."

Mayi a Dailesi anatenga chigubu m'manja mwanga n'kukachikhuthulira kudzala. Pobwera anasamba m'manja mosafulumira.

"Ankhoswe abwera Loweruka," anatero. "Kalata yanu anaiwerenga pamaso pa abale anga onse. Izinso mukazinene pomwepo, mokweza."