Dzanja la Asiyatu Linatsala M'malere

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene sanyoza ngakhale masewera a ana.

Ndikukumbukira chaka chimene a Zhuwawo anafika kwathu ku Chowe, kuthawa nkhondo ku Mozambiki. Kwawo ankakonza mawailesi, koma anapulumutsa kope limodzi lokha, lonunkha utsi. M'kopemo analemba mzere ndi mzere za kalumikizidwe ka wailesi: waya uyu achoke apa, akathere apo. Anatolera zipangizo zakale ku Mangochi n'kupanga wailesi m'kabokosi, kuti azimva ngati kwawo kwachita bata, poti mayi awo anatsala komweko. Wailesiyo inangoti zii. Masabata awiri bambowo chakudya sichinkawalowa.

Ine, kamtsikana kosatopa ndi masewera, ndinawapempha kuti aziwerenga kopelo mokweza, ife tikhale wailesi. Mwana aliyense anasanduka chipangizo, luzi n'kukhala waya. Lamulo langa linali limodzi: tichite zimene mzere wanena basi, osawonjezera nzeru zathu. Ndinkathamanga ndi luzi pabwalo, fumbi koboo, kumanga anzanga manja.

"Iwe Batire, wayamba liti kudya mango uli pa ntchito?" ndinakalipira mnzathu wina.

Tinaseka mpaka Switchi anagwa chagada, n'kukoka wailesi yonse. Tinayambiranso. Mizere itatha, Asiyatu, mwana wa aneba, amene anali sipika ya wailesi yathuyo, anakwinya nkhope.

"A Zhuwawo, anzanga onse amangidwa manja awiri. Ine dzanja linali ndigwire nalo mphepo?"

"Mwati bwanji, amayi?" a Zhuwawo anamufunsa.

Anasuzumira m'kope. Pansi pa tsamba panali banga la madzi a mtsinje umene anawoloka, ndipo mzere umodzi unafufutika. Anawotcha msomali pamakala, n'kulumikizira nawo waya wotsalawo m'kabokosi muja. Kabokosi kanatsokomola, kenaka kanalankhula! Nkhani yake inali ya kabzalidwe ka chinangwa, koma tinavina ngati Davide, luzi likadali m'manja, a Zhuwawo atanyamula Asiyatu paphewa. Patapita miyezi, kabokosi komweko ndi kamene kanawauza kuti njira yopita kwa mayi awo yatseguka.

Lero ndimalemba mapulogalamu a kompyuta owerenga malemba amene akatswiri amafotokozeramo zipangizo zamagetsi. Pulogalamuyo imagawa mizere, imatchula chiwalo chilichonse, n'kufufuza dzanja limene silinagwire kanthu. Imamaliza m'kuphethira kwa diso, koma siseka, ndipo sidya mango.

Ambuye, amene amawerenga ziwalo zonse za thupi lake, akupezereni wokugwirani dzanja limene latsala m'malere. Ameni.