Kusudzulidwa Kwanga pa Bwalo la Akavalo

Anzanga, ndinakumana ndi Vainess Loweruka, pa 11 July 2015, pa mpikisano wa akavalo kumidzi ya Indiana, pakati pa minda ya chimanga, ulendo wa ola limodzi kuchokera kwathu ku South Bend. Masiku ndikuwatchula dala, kuti wina asadzaipotoze nkhaniyi.

Mdzukulu wanga Atupele ankapikisana nawo, choncho mayi ake, mwana wanga Ida, anatitenga banja lonse. Ine ndinali nditangopuma ntchito ku laboratory ya chipatala, ndipo panali patatha chaka chimwalirireni mkazi wanga Evelina.

Kavalo wa Atupele atakana kulumpha mtanda, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Kavaloyu ndi wanzeru kuposa eni ake. Alumphirenji chinthu choti atha kuchizungulira?"

Chichewa, pakati pa azungu a zipewa zikuluzikulu! Ndinacheuka.

"Mayi, wokwera pa kavaloyo ndi mdzukulu wanga."

"Pepani bambo, ndimayesa palibe akundimva," anatero akuseka. "Mdzukulu wanga wagwa kale m'mawa. Mudya mandasi?"

Ameneyo ndiye Vainess, nesi wa ku Lawrence, ku Indianapolis, wamasiye ngati ine. Kuyambira tsiku limenelo, mpikisano uliwonse tinkayandikizitsa mipando yathu pansi pa mtengo. Za akavalo sitinkazidziwa tonse awiri. Tinkaomba m'manja ena akaomba, kenako n'kubwerera ku macheza athu. Nyumba yanga, imene inali itangokhala zii, inayamba kumveka kulira kwa foni.

Koma panali chinthu chimodzi. Kwathu, mwamuna mkazi wake akamwalira sakwatiranso mpaka akuchikazi atamusudzula, ndiko kumumasula pamaso pa anthu. Ine ndinali ndisanasudzulidwe, ndipo sindine munthu wochita zinthu mwachidule.

Ndinapita ku Beech Grove, ku Indianapolis, kwa mlamu wanga Hamilton, mchimwene wake wa malemu Evelina. Hamiltonyo banja lake linali litatha kale. Ndinamufotokozera zonse, ndi dzina la Vainess lomwe.

"Alamu, mwachita ulemu," anatero. "Koma mawu anga okha sakwana. Ndiyankhula ndi amalume ku Dedza. Ndipatseni mwezi umodzi."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Poopa kuti a kumpingo angayambe kunena, ndinamupempha Hamilton kuti azimutenga Vainess pa galimoto yake pobwera ku mipikisano, popeza onse ankakhala ku Indianapolis. Maola awiri kubwera, maola awiri kubwerera. Ndinawakonzera ndine ulendowo.

Mwezi unatha. Amalume akudwala. Miyezi itatu. Kumudzi kwagwa maliro. Chaka. Amalume ali kumunda, network ikuvuta. Chifukwa chilichonse ndinachilandira ndi manja awiri.

Mu August 2016, Atupele anatenga malo achiwiri. Mphunzitsi wake anabwera kudzatipatsa moni, nafunsa ngati Vainess anali mkazi wanga.

"Ayi, ndi mlongo wathu wa kumpingo," ndinayankha.

Mphunzitsiyo atachoka, Vainess anatseka kontena ya mandasi pang'onopang'ono.

"A Bizwick, mlongo wanu wa kumpingo?"

"Mukudziwa kuti sindinasudzulidwe."

"Ndili ndi zaka 58 ine. Ndimagwira ma double shift kuti Loweruka ndikhale pampando uwu. Ndidikire mpaka liti agogo a ku Dedza amene sanandionepo?"

"Mwambo ndi mwambo, mayi."

"Nanga kuimba nokha foni ku Dedzako?"

"Kulumpha alamu anga n'chipongwe."

Vainess anayang'ana kubwalo, kumene ana ankazungulira ndi akavalo awo m'fumbi.

Tsiku lomaliza linali pa 15 July 2017. Vainess ndi Hamilton anatsika m'galimoto atavala zofanana, nsalu imodzi, Vainess diresi, Hamilton shati. Ida anandigwira mkono, nati, "Dad, tiyeni tikakhale uko." Ndinakana.

Hamilton anandiitanira kuseri kwa ngolo yonyamulira akavalo. Anavula chipewa.

"Alamu, ndabwera ndi uthenga wa kumudzi. Mwasudzulidwa. Mlongo wathu munamusamala bwino, palibe mangawa. Ndinu omasuka."

"Amalume anena liti zimenezi?"

Anayang'ana pansi.

"Ananena kalekale... mu October 2015."

Anzanga, miyezi makumi awiri ndi umodzi mawu amenewo ali m'kamwa mwa munthu.

"Ndipo pali inanso," anapitiriza. "Ine ndi Vainess tikupanga chinkhoswe mu September. Tinafuna mumve kwa ife."

Ndinapita kwa Vainess, amene anaima yekha pa mpanda.

"Munkadziwa kuti mawu anafika kale?"

"Ndamva sabata yathayi," anatero, misozi ili m'maso. "Ndakwiya naye, ndipo akudziwa. Koma a Bizwick, iye anandifunsira. Inu zaka ziwiri simunandifunse kalikonse. Munkafunsa ku Dedza."

Pa chimkuzamawu anatchula dzina la Atupele. Ndinabwerera pampando wanga, ndinaomba m'manja pamene ena anaomba. Atupele anapambana tsiku limenelo, koma musandifunse kuti analumpha bwanji.

Ukwati wa Hamilton ndi Vainess unachitikira ku Indianapolis. Khadi inafika. Sindinapite. Ida amati ndikhululuke, poti Hamilton ndi malume ake, ndipo pa maliro a Amalawi timakumanabe. Amandipatsa moni kuti "alamu", ine ndimayankha mwaulemu wonse, chifukwa ndi mmene ndinaleredwera.

Atupele anasiya za akavalo atapita ku koleji, ndipo banja lathu silipitanso kumidzi kuja.

Inu achinyamata amene mumawerenga zolemba zanga, nkhani ya mtima wanu musaitume munthu, ngakhale wachibale wovula chipewa poyankhula. Ine ndinatuma, ndipo yankho linandipeza mkazi atapita kale.

Ndinasudzulidwa mwadongosolo lonse. Lero ndili ndi zaka 74, ndipo ndimadya ndekha.