Mkungudza wa m'chitini

Koleji ya aphunzitsi ya amishoni ija inali yakale kuposa bambo anga. Ndinapondako kamodzi kokha, tsiku la mayeso olowera, koma mukandimva ndikuikamba mungayese njerwa zake ndinaumba ndine.

Inali ndi mwambo wakuti wophunzira watsopano aliyense azibwera ndi mbande ya mtengo wa kwawo, n'kuidzala pamzere kuseri kwa tchalitchi. Mkulu wa kolejiyo, abusa okalamba oyendera ndodo, anatiyendetsa mumzeremo. Mitengo yoyambirira inali yoti munthu mmodzi sangaikumbatire, ya kumapeto inkandilekeza m'mawondo. Ankagogoda thunthu lililonse, n'kutchula mudzi umene mwini wake anabwerera kukaphunzitsa. Anati ntchito ya kolejiyo ndi yomweyo basi, kutenga mwana kumudzi n'kumubweza komweko atanyamula choko.

Mayeso ndinakhoza. Amalume, amene ankagwira ntchito ya nkhalango kuphiri, ku Chambe, ananditsitsira kambande ka mkungudza m'chitini. Ndinkakathirira m'mawa uliwonse n'kumakalankhula Chizungu, poti pakhomo panalibe wina wondipirira.

Koma ife tinkakhala pamalo a esiteti ya tiyi, pomwe makolo anafikira pochokera kudziko la Apwitikizi, ndipo nyumba iliyonse inkapereka mwamuna wogwira thangata m'miyezi ya mvula. Koleji inkatsegulira nthawi yomweyo, tiyi ataphukira. Chaka chimenecho chifuwa chinawagwetsa bambo. Kapitawo anabwera, anakhala pakhonde, anawafunsa bwinobwino mmene agonera, kenaka n'kunena kuti dengu lawo lothyolera tiyi likasowa msana, nyumba iphwasulidwe.

"Iwe pita, mwanawe, ine ndidzuka," anatero bambo.

Anadzukadi. Anafika pa dengulo, nakhala pansi pambali pake akutsokomola. Amayi anayang'ana kumbali. Ndinalinyamula ine.

Ndinatumiza mawu kwa abusa aja kudzera mwa mlaliki wa kwathu. Yankho linabwera lakuti dzenje la mtengo wanga andisungira, ndipite chaka chamawa. Chaka chamawacho chinafika bambo tawaika kale, mwamuna wa thangata pakhomo ndili ine.

Mizu itayamba kutulukira pansi pa chitini, kamtengo kaja ndinakadzala kuseri kwa nyumba. Ine wowerenga mabuku ndinaiwala chimene mwana aliyense wa paesiteti ankadziwa: wokhala pamalo a mzungu sadzala mtengo, chifukwa mtengo umanena kuti nthaka ndi yako. Kapitawo anakaona kasanakwane ndi mwezi.

"Zulani nokha, aphunzitsi, ndisachite kuzula ndine."

Sindikudziwa ngati ankandiseka kapena ankandimvera chisoni. Ndinazula. Sikanavute n'komwe, kanali kasanagwire.

Kuchokera pamenepo ndawerenga chilichonse chimene ndatola, ngakhale nyuzi zokulungira usipa za kumsika wa ku Chinakanaka, ndipo anthu amanditchabe aphunzitsi, ine n'kumavomera mopanda manyazi. Ku kolejiko sindinabwerereko. Ndimaopa kukapeza kuti m'dzenje muja anadzalamo wina, ndipo ndimaopanso kukapeza mpata uli chikhalire.