Anawanyamula M'khwapa Ine Ndikunenerera Fotokope

Mu Tete muno palibe ofesi imene inandigonjetsapo. Ndakhala ndikunena zimenezi zaka zambiri, ndipo ndinanenanso Lachiwiri lapitali m'mawa pamaso pa achemwali anga. Ine Jowakimu, wogulitsa kaunjika, amene ndimanenerera belo mpaka mwini wake kuyamba kundipepesa. Ndinati, "Mana, ikamakwana 9 ora tikhala tabwerako." Lero ndi Lamulungu. Achemwali ali chigonere, nthiti ziwiri ndi fupa la paphewa zothyoka.

Anthu a ku Matema mukuwadziwa achemwali angawa, Mana Rozita. Amene simuwadziwa nkhope munawamvapo mawu, pamaliro kapena paukwati. Ndi amene amatsogolera kwaya atakhala panjinga yawo ya olumala, msinkhu ngati wa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mawu odzaza tchalitchi popanda chimkuzamawu. Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anabadwa ndi matenda a mafupa osachedwa kuthyoka, tidakali ku Malawi nthawi ya nkhondo. Kuyetsemula kokha kunawathyolapo nthiti. Pakhomo pathu owanyamula ndife awiri, ine ndi mkazi wanga, ndipo kanyamulidwe kake n'kamodzi: dzanja lina pansi pamene akhalira, lina kumsana, pang'onopang'ono. M'khwapa ayi. Kukoka mkono ayi.

Kwaya yawo inaitanidwa kukaimba ku Beira dzulo Loweruka, nyimbo zitatu zopeka iwo eni. Miyezi inayi akukonzekera. Kampani ya basi imene kwaya inapangana nayo, dzina ndikulisunga kaye, inati munthu wa njinga ya olumala abwere yekha ku ofesi adzasayine chikalata. Osatuma munthu. Abwere mwiniwake, amuone ndi maso.

Tinafika 7 ora ndi mphindi makumi awiri, dzuwa litayamba kale kuwotcha m'khosi. Ofesi yake ili kuti? Pamwamba. Masitepe makumi awiri ndi awiri, ndinawerenga. Inu, mumaitana munthu wa njinga ku ofesi ya pamwamba kuti akwere ndi chiyani? Mapiko?

Ndinauza mlonda wa pakhomo kuti, "Shefi, akuluakulu, kawuzeni amayi a m'mwambamo atsike ndi pepalalo. Cholembera ndili nacho."

Anakwera, anatsika. Akuti pepala silituluka mu ofesi.

Pepala. Chinthu choti mphepo ikhoza kuchitsitsa yokha.

Apa ndi pamene ndinayamba ntchito yanga. Ndinamuseketsa mlondayo, ndinamuyamikira nsapato, ndinamulonjeza malaya a manja aatali akadzadutsa pabenchi panga. Pasanathe mphindi khumi tinali titagwirizana: sitiima pa bisha, mzere wa anthu otumiza katundu, dzina la Mana liitanidwa loyamba, ndipo ndiwanyamula ndekha kukwera nawo. Ndinawatsinzinira achemwali. Iwo anati, "Kimu, pakamwa pakopo padzakupweteketsa tsiku lina." Tinaseka.

8 ora itangokwana mlonda anabweranso. Akuti pakufunika fotokope ya bilyeti ya Mana, chitupa chawo cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo. Bwanji sananene poyamba? Akuti sindinafunse.

Ndinawasiya Mana pamthunzi pansi pa masitepe, ndinamanga mabuleki a njinga, ndinamuuza mlonda kawiri kuti asawakhudze ndisanabwere. Anati, "Osadandaula, patarau, bwana wanga." Ndinawoloka msewu.

Tsono mverani uchitsiru wanga, chifukwa sindiubisa. Wa fotokope anatchula ma metikali khumi. Ine ndimadziwa kuti ndi asanu. Munthu wanzeru akanapereka n'kumapita. Ine ndinaima pamenepo n'kumamuuza mbiri ya mtengo wa pepala. Ndinachita ngati ndikuchoka, anandiitana, ndinabwerera. Anatsitsa. Ndinatuluka mosangalala ngati ndagula nyumba. Mphindi khumi ndi ziwiri zinathera pamenepo.

Nditawoloka ndinapeza njinga ili yokha.

Zimene zinachitika anandiuza mayi wina wa pa bisha, ndipo Mana anatsimikiza. Dzina linaitanidwa m'mwamba. Mayi wa pa desiki anakuwa kuti akapanda kukwera pompo adikire mawa. Mlonda anaitana mnzake wokweza katundu m'basi. Mana anawauza m'Chinyanja kuti dikirani mlongo wanga. Anawauza m'Chinyungwe. Anawauza m'Chipwitikizi, kuti mafupa anga amathyoka, musandigwire. Wokweza katundu uja akuti anaseka n'kunena kuti, "Kamwana aka kamantha bwanji," n'kuwagwira m'khwapa, n'kuwatukula ngati thumba la makala. Pa sitepe yachitatu mayi wa pa bisha uja anamva kulira kwa fupa ali pamzere. Anthuwo sanaime. Anamaliza masitepe onse.

Mana ndinawapeza m'mwamba atawakhazika pa mpando wa pulasitiki, mapazi akulendewera, milomo itayera, akupuma modukizadukiza. Sankalira. Anangondiyang'ana n'kuyang'ana fotokope ili m'dzanja langa.

Ndinakuwa. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Mayi wa pa desiki sanadzuke n'komwe. Anati tisasokoneze makasitomala, ndipo poti afika kale, angosayiniratu.

Ndinati, "Mayi, munthuyu wathyoka!"

Anati iye si dokotala.

Ndinafuna kung'amba pepalalo. Mana ananong'ona kuti, "Bweretsa. Loweruka ndikadali kupita." Anasayina ndi dzanja lamanzere, dzina lokhota ngati la mwana wa kalasi yoyamba. Sanaliwerenge. Inenso, katswiri wa maofesi, sindinaliwerenge.

Ndinapempha galimoto ya kampani, inali panja, dalaivala akudya mandasi. Akuti ndi ya katundu. Ndinawatsitsa ndekha masitepe aja, sitepe iliyonse ndikumva mpweya wawo ukudukira pakhutu panga. Bambo wina wosamudziwa anatitenga pa galimoto yake mpaka kuchipatala, akuzemba maenje ngati wanyamula mazira. Dzina sindinamufunse. Bambo inu, ngati mukuwerenga, Mulungu akuoneni.

Kuchipatala anajambula. Nthiti ziwiri, ndi fupa la paphewa lamanja. Nthiti saikira pulasitala, zimangofuna nthawi. Dokotala anati milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo kuimba aiwale kaye.

Lachinayi ndinabwerera ku ofesi kuja nditavala malaya abwino, mawu nditawakonza njira yonse. Ndinadikira bwana wawo kuyambira 10 ora mpaka 12 ora ndi theka. Anandimvetsera akuseweretsa makiyi. Kenako anati anyamata ake ankangothandiza, ndipo masiku ano munthu ukathandiza umalakwa. Ndinamufunsa ngati kuthandiza munthu amene akukana m'zilankhulo zitatu kumatchedwabe kuthandiza. Anatsegula kabati, anatulutsa pepala lija, analoza mzere wa m'munsi. Palembedwa kuti kampani siyankhapo kanthu mwini wa njinga akavulala pomukweza kapena pomutsitsa.

Ndinati, "Koma anasayina atathyoka kale!"

Anati papepala pali tsiku, palibe ola. Kenako anati, "Pasiyensiya, bambo, ingopirirani," n'kuyankha foni.

Ndiye pepala limene silikanatha kutsika masitepe ndi limenelo. Achemwali anga anathyoledwa kuti akasayine zoti akathyoledwa si mlandu wa munthu.

Ndikufunsa, ndipo ndifunsa mpaka wina ayankhe. Inu a kampani, mukadzandiyankha dzina lanu likhala lobisika, mukapanda kutero ndilitchula. Pansi pa nyumba yanu pali chipinda chosungira matayala. Tebulo limodzi silingalowemo? Antchito anu anawauza ndani kuti munthu wamfupi ndi mwana? Munthu wamkulu akanena kuti musandigwire, mumafuna anene m'chilankhulo chanji?

Ndipo inu amene muli ndi m'bale wa mafupa oterewa, musamusiye pakhomo pa ofesi ngakhale mphindi imodzi. Anthu a kuno ali ndi mtima wothandiza, koma manja awo amafika msanga kuposa makutu. Inu ofuna kuthandiza, funsani mwini thupi. Amalidziwa kuposa inu.

Dzulo m'mawa basi inanyamuka. A kwaya anadzera pakhomo, anaima pawindo, anaimba ndime imodzi ya nyimbo ya Mana motsitsa mawu. Ndinaona milomo ya achemwali ikutsatira, mawu osatuluka. Atapita, anandiitana ndi chala. Ndinawerama, ndikuyembekeza kuti tsopano andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero.

Anati, "Kimu, fotokope ija anakutsitsira?"

Ndinati eya.

Anati, "Chabwino. Tisaluze zonse."

Anafuna kuseka, nthiti zinakana.

Khobidi la ma metikali asanu lija likadali m'thumba la buluku langa, ndalephera kuligulira kanthu. Kampani ili ndi pepala lake m'kabati. Mlonda mwina akudikirabe malaya ake. Ine ndinadumpha bisha, ndinatsitsa mtengo, zonse zimene ndinanenerera tsiku limenelo ndinapatsidwa. Ndiuzeni inu, wapambana ndani?