Misuku Yotsala Kumanda

Ukwati wanga utatha, ndinakhala pakhonde pa amayi ku Chowe dzinja lonse, ndikudya ufa umene sindinalime. Azimayi opita kumjigo ankandipatsa moni wautali, moni wofuna kuona ngati ndawonda. Tsiku lina ndinangoti, "Amayi, ine ndikupita ku Joni." Iwo anali akuyanika bowa pamphasa, ndipo sanadzutse mutu. Anangoti, "Pita, Asiyatu. Koma ukakhuta usaiwale njira." Pokwera basi pa boma anandipatsira kathumba ka bowa wa ndelema wofutsa, ndipo ndinachita nako manyazi chifukwa kananunkhiza basi yonse.

Ndelemayo ankamuzula kuseri kwa nyumba yathu, m'nkhalango ya misuku ndi mombo yokwera kuphiri. Ankakonda kunena kuti ndelema samera pamtetete, amatsata msuku. Ine ndinkangoti ndi zokamba za akuluakulu. Lero nkhalangoyo kulibe, amayi kulibe, ndipo chimene ndakhala ndikulimbana nacho chibwerereni ndi mbande za misuku zimene zinkangofera m'manja mwanga. Ndinalumbira kuti zikafanso, nyumba nditseka, ndibwerera ku Joni, kuno sindidzapondanso.

Ku Joni ndinayamba ndi kuchapa ndi kukolopa m'nyumba za eni. Kenako mnzanga wina anandipezera ntchito m'chinyumba chachikulu chopanda mawindo, mmene ankalimamo ndiwo zamasamba ndi mbande za mitengo. Munda wa m'nyumba, abale inu! Mmalo mwa dzuwa munali magetsi. Bwana wake ankafuna kudziwa nyale imene imakulitsa bwino mbewu, ndiye anagawa zipinda. China chinali ndi nyale zachikasu zotentha, zimene zinkawaula nsonga za masamba ndi kutitulutsa thukuta. China chinali ndi machubu aatali oyera, ndipo mbewu zake zinkatalika koma zili nyozinyozi. Chomaliza chinali ndi tinyale tambirimbiri tofiirira mosakanikira ndi buluu, tosadya magetsi ambiri, mmene masamba ankanenepa koma nkhope zathu zinkaoneka ngati za odwala. Nthawi yozizira ndinkalowa kusanache n'kutuluka dzuwa litalowa. Mlungu unkatha osaona mthunzi wanga. Ndinkasungulumwa koopsa, ndipo Lamlungu ndinkatsegula kathumba ka amayi kaja n'kungonunkhiza, osaphika.

Amene anandikokera ku maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, anali Rudo, mayi wa ku Zimbabwe amene ankapima mbewuzo. Agogo ake anali a kuno kwathu, ndiye Chichewa ankachithyolathyola, mokwanira kunditukwana nacho. Ataona kuti ndimatsuka mizu osaidula, anati, "Iwe, manja ako ndi ofatsa, pakamwa ndi pamene pali moto. Bwera kuno." Anandiphunzitsa kuwiritsa timizu mu mankhwala mpaka titayera mbee, kutiviika mu inki wosakaniza ndi viniga, n'kutigoneka pakagalasi. Tsiku loyamba ndinangoona nsidze zanga. Ndinafuna kuzisiya, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditapotokola kachitsulo ka makinawo pang'onopang'ono, zinangoti mbwee: tiulusi tabuluu tikuyenda m'kati mwa muzu, tina titachita nthambi ngati kamtengo, tina titatupa ngati timazira. Pa mizu ya mitengo ina, ulusiwo sunkaloweratu m'kati, unkakuta nsonga ya muzu ngati sokosi.

"Ameneyo ndi bowa," anatero Rudo. "Chimene mumadya chija ndi chipatso chabe. Mwini wake ali pansi, wagwirana ndi muzu. Amautungira madzi ndi chakudya cha m'dothi, mtengo n'kumamupatsa shuga."

Bwana uja anapsa mtima ndi zimene tinapeza. Pa ndiwo zamasamba, nyale zinkasiyanadi. Koma mbande za mitengo zimene anazidzala m'dothi lophikidwa, lopanda bowa, zinkachita chikasu pansi pa nyale iliyonse, ngakhale yofiirira ija, imene inali yodula. Zimene mizu yake inali ndi masokosi zinkaima njo, ngakhale pansi pa machubu otchipa. Ndinawaimbira amayi tsiku lomwelo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ha! Ndiye unakwera basi mpaka ku Joni kukamva zimene ndinkakuuza uli pamsana?" Kenako anati, "Koma chaka chino ndelema sanatuluke, mwanangu." Sindinafunse chifukwa. Mayunitsi anali akutha, ndipo ndinkafuna kumva za nyumba.

Nkhani ya nyumba inali m'manja mwa amalume anga, Che Daudi, mlongo wawo wa amayi. Mwezi ukatha ndinkawatumizira ndalama, ine n'kutsala ndi ya buledi ndi lendi. Ndinkafuna ya njerwa zootcha ndi malata, kuti amene ankandipima kuwonda aja adzapime china. Amalume ankanditumizira zithunzi pafoni: maziko, mulu wa njerwa, uvuni ukufuka utsi. Ndinkaonetsa aliyense kuntchito, ndipo maso anga ankathera pa njerwapo.

Uthenga wa imfa ya amayi unandipeza m'chipinda cha nyale zofiirira chija. Ife Asilamu sitigoneka maliro masiku, ndipo ine ndinalibe mapepala oti n'kungokwera ndege. Anawaika ine ndikuthirira mbewu za bwana. Ndinalira mpaka Rudo anazimitsa nyale, chinthu chimene chinali choletsedwa. Pondiperekeza pobwerera kwathu patapita miyezi, anandipatsa kagalasi kokulitsa zinthu, kolowa m'thumba. Anati, "Maikulosikopu sindingakupatse, angandimange. Koma masokosi aja aka kamaonetsa."

Nyumba ndinaipeza, yokongola ndithu. Koma nditazungulira kuseri, ndinapeza nkhalango ija kulibe. Phiri lonse linali mbee, zitsa zokhazokha. Ndinafunsa amalume kuti misuku ya amayi yapita kuti. Iwo analoza khoma langa ndi chibwano. "Walira mvula walira matope, Asiyatu. Njerwa sizipsa ndi malovu." Sinali nyumba yanga yokha ayi. Mudzi wonse unali waliwali ndi malata a ana a ku Joni, ndipo uvuni uliwonse unadyako gawo lake. Mitengo inangotsala malo amodzi, kumanda, kumene nkhwangwa siloledwa. Ndikaima pakhomo ndinkaiona ili bii, ndipo pansi pake ndi pamene panagona amayi.

Nyengo ya masuku itakwana ndinagula ndowa ya masuku pamsika, n'kufesa nthangala zake m'machubu apulasitiki. Zinamera bwino, n'kutulutsa masamba, kenako chikasu, kenako kuuma. Dzuwa la kwathu, loposa nyale zonse za bwana uja, silinathandize kanthu. Chaka chotsatira ndinayesanso, ndikuthira manyowa, koma chikasu chinayambanso. Ndinazula imodzi n'kuyang'ana ndi kagalasi ka Rudo. Mizu inali yosavala. Dothi la m'munda mwathu linali litaiwala msuku. Chofunika chinali dothi lodzaza manja lochokera patsinde pa msuku wamoyo, lokhala ndi timizu take.

Koma ine ndine mkazi, ndipo kwathu mkazi salowa kumanda. Ndinapita kwa amalume n'kugwada. Atamva, nkhope inasintha.

"Dothi la kumanda? Asiyatu, mutu ukuyenda bwino? Anthu akunong'ona kale kuti nyumba iyi sinamangidwe ndi thukuta lokha. Andione ine ndikutapa dothi kumanda n'kubwera nalo kwa iwe, mawa lomwe atitcha afiti. Ukufuna atiotchere nyumba?"

"Amalume, ndi bowa chabe, ali ku mizu."

"Ukawauze iweyo zimenezo. Uwaonetse ndi kagalasi kakoko mudzi wonse."

Pakamwa panga mukupadziwa kale. Ndinawauza kuti podula misuku sanaope munthu, lero akuopa dothi. Ananyamuka n'kundisiya pomwepo, ndipo tinatha masabata osapatsana moni. Ndinkadziwa kuti mantha awo sanali opusa. Ndinaonapo ndili mwana nkhalamba ina ikuthamangitsidwa m'mudzi pa nkhani yochepa kuposa imeneyi. Koma mbande zinali kufa, nthangala za masuku sizisungika, ndipo chikwama changa ndinali nditachitsitsa kale pamwamba pa kabati.

Mmawa wina, mvula itagwa usiku wonse, amuna a m'mudzi anapita kukalambula kumanda monga amachitira udzu ukakula. Dzuwa litakwera ndinawaona akubwerera m'magulu, aliyense kulowera kwake. Amalume sanakhotere kwawo. Anabwera molunjika pakhomo panga, anthu akuona, khasu lili paphewa. Analitsitsa patsogolo panga. Linali litamatirira matope akuda, ochindikala kuposa chikhatho changa, kumaso ndi kumsana komwe, mpaka kumpini.

"Ndalimira pa mayi ako," anatero, akuyang'ana kumbali. "Udzu unachuluka patsinde pa msuku paja. Khasu landilemera, Asiyatu. Tanditsukira."

Ndinatenga beseni. Matopewo ndinawakanda ndi zala, osati ndi chikonyo. Munali masamba owola, timizu tofiirira, ndi tiulusi toyera ngati ndevu za chimanga. Fungo lake linali lomwe lija la kathumba ka m'basi. Ndinatulutsa kagalasi, koma ndinachita kupukuta maso kaye kuti ndione. Nsonga za timizuto zinali zotupa, zitavala masokosi awo oyera. Aka kanali koyamba kuti ndigwire dothi limene amayi anagonamo.

Amalume anakhala pakhonde, n'kuvula kofiya, akudzikupiza nayo. Mayi wina wopita kumjigo anaima pamsewu kutiyang'ana. Iwo anakweza mawu kuti amve. "Ana a ku Joni ulesi! Khasu limodzi mpaka dzuwa lifike pamutu? Ndipo madziwo usandithirire pabwalo, anthu angaterereke. Kathire uko kuli timitengo takoko."

Ndinagawira chubu chilichonse matope ake, n'kutsirira madzi a m'beseni mpaka dontho lomaliza. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kwathu anthu amangodziwa kukana. Sindinkadziwa kuti munthu angakukanize ndi pakamwa poopa mudzi, n'kukubweretsera chinthu chomwecho paphewa, dzuwa likuswa mtengo. Ndinawabwezera khasu lili mbee, nditagwada. Anavala kofiya, n'kuliyang'ana uku ndi uku ngati akufuna polipezera chifukwa.

"Mbali ya kumutu sindinamalize," anatero. "Ndipitanso mawa. Usachoke, lidzadanso."