Chimera cha mu ubongo wa khoswe

Lero ndikuthira chimera m'phala la thobwa, ndakukumbukirani, achimwene. Munabwera ku Mwazisi kuchokera kusukulu ya kunja masiku aja munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo mbiri inali itawanda kale kuti mumang'amba mitu ya makoswe. Kunena zoona, ine ndinkasala kudya kukupemphererani, poopa kuti a mpingo akuimitsani pa mgonero wa Ambuye ngati mfiti.

Mkulu wa mpingo atabwera kudzafunsa, munawapatsa chikho cha thobwa, n'kuwafotokozera. "Adada, phala lokha silitsekemera, chimalisintha ndi chimera. Nawonso mahomoni a chimuna ndi a chikazi akafika mu ubongo wa khoswe, amapeza tinthu totchedwa maenzaimu timene timawasintha, ena kuwapatsa mphamvu, ena kuwaziziritsa. Ine ndimangoyang'ana mmene Mulungu anathirira chimeracho." Iwo anagugudiza thobwa lonse, n'kupukuta pakamwa, n'kuthokoza m'chinenero chakwathu. "Yewo chomene, mwana wanga. Koma akakutherani makoswe kumeneko, mudzatenge a m'nkhokwe mwanga." Lamlungu lake tinalandira mgonero titakhala pa benchi imodzi. Mpaka pano ndimada nkhawa ndi zambiri, achimwene, koma za mzimu wanu ayi. Pumani mumtendere kumene munapitako.